Phazi la Atelala

Lolemba, 3 Malichi

Tsiku la opaleshoni latuluka. Lachinayi la sabata yamawa. Adokotala a mtima afotokoza uku akujambula papepala: kachitseko ka mumtima mwa amuna anga katha, kakubweza magazi, aikapo kena. Thupi adzalizizilitsa, mtima adzauimitsa, makina n'kumapopa magazi m'malo mwake. Akamaliza kusoka, kuwafunditsa, mtima n'kuyambanso.

N'kuyambanso. Anena ngati za galimoto yoliza mokankha.

Atelala, amuna angawo, kuseka konse. "Ndiye telala akasokedwa ndi telala mnzake? Bola asandisoke ndi ulusi wotchipa." Ine kuseka kwandikanika. Pobwerera tapuma kangapo pakachitunda ka kwathu, milomo yawo ili bii.

Lachiwiri, 4 Malichi

Kulabu, kuntchito kwanga koyeza zakudya. Zoyeza mulu: ufa wa phala la ana, mtedza wankhungu, mafuta ophikira a m'zigubu zopanda dzina. Atelala amati ndimalandira malipiro chifukwa chosuzumira mitima ya nthata. Sanama. Tinthata tam'madzi timene timaweta m'mabotolo, ife timati tigalasi. Kathupi ngati njere ya mpiru, koonekera mkati, pamaikulosikopu mtima uli poyera, phaphapha. Ndimasungunula chakudyacho, kudontheza m'madzi mwake. Chikakhala ndi poizoni, mtima wa kagalasi ndiwo umayamba kuulula.

Kuti kakhale phee timakaika pa ayezi. Mtima kuchedwa, kuchedwa, nthawi zina n'kuima. Lamulo la amayi apulofesa kuyambira tsiku limene anandilemba ntchito: "Chozizira sichinafe. Yamba wachifunditsa, kenaka ulembe." Anzanga amaika pakachitsulo kofunda. Ine ndimafumbata kambale m'manja, ndinazolowera.

Lero kagalasi kamodzi sikanabwerere. Ndafumbata mpaka tiyi wanga kuzizira. Timiyendo kumagwedezeka, mtima zii. Ndaziona kosawerengeka zimenezi. Koma lero ndatuluka, kukaima kuseri kwa jeneleta ngati wakuba.

Lachisanu, 7 Malichi

Apongozi afika ndi chikwama chachikulu, cha munthu wosabwerera msanga. Moni asanamalize: "Mtima wa munthu suimitsidwa. Ukaima waima." Kenaka diso pa ine. "Ndinu mwamunyengerera mwana wanga, inu a zamabotolo."

Ndiyankhe chiyani, popeza n'zoona? Atelala ankakana. Ndinawauza kuti ine ndimauona mtima ukuima n'kuyambanso tsiku ndi tsiku, asaope. Anasaina chifukwa cha mawu angawo. Za kamene sikabwerera sindinanene.

Mwini shopu imene Atelala amasokeramo watumizanso uthenga wa lendi. Adikire, sitikusamuka padziko.

Lamulungu, 9 Malichi

Makina osokera tinawabweretsa kunyumba, ali pabalaza. Atelala amaliza zovala zonse za anthu, ati safuna kutukwanidwa ali mtulo. Kuponda pang'ono, kupuma. Kuponda, kupuma. Phazi lawo lamanja lija, chala chachikulu chopindika ndi zaka zoponda chitsulo.

Madzulo atulutsa nsalu yobiriwira imene anabisa sindikudziwa liti. Diresi langa. Adula, asoka mbali imodzi, n'kusiya singano ili m'nsalu momwemo. "Adokotala a nthata, ili ndidzamaliza ndikabwera. Mukalichotsa pamakina ndiye kuti mwandikwirira."

Ndawakalipira, malodza otani amenewo. Iwo kuseka mpaka kutsokomola. Ndikuopa. Ndalemba, ndikuopa.

Lachitatu, 12 Malichi

Agonekedwa. Awameta pachifuwa. Atelala awafunsa anesi ngati adokotala amayamba ayeza ndi tepi. Wodi yonse kuseka, apongozi okha ayi.

Ndikatsinzina ndikuona timitima, phaphapha, tambirimbiri.

Lachinayi, 13 Malichi

Asoka. Mtima wayamba wokha, atero adokotala.

Sanadzuke.

Lamulungu, 16 Malichi

Sanadzuke. Chipinda cha odwala kwambiri, kulowa mmodzimmodzi, nsapato kusiya pakhomo. Paipi m'kamwa, masingano m'manja monse. Pagalasi la pamutu pawo mzere wobiriwira ukudumpha bwinobwino. Mtima ulibe mlandu. Adokotala ati mwina ubongo unasowa mpweya kwa kanthawi, tidikire. Nkhope yawo sinali ya munthu wojambula papepala uja.

M'mawa ndikusesa panja ndamva makina. Tcheketcheke, tcheketcheke, n'kupuma, monga amachitira. Tsache pansi, liwiro. Pabalaza palibe munthu. Diresi lili momwemo, singano m'nsalu. Ndagwira chopondera, chozizira. Apongozi ati iwo sanamve kanthu. Anditsata ndi maso mpaka kukhitchini.

Lachiwiri, 18 Malichi

Ndinati ndipite kuntchito, mutu upume. Ndinadzinamiza. Ufa wa phala uja ndi woipa, tigalasi tonse ta m'madzi mwake taima. Ine kufumbata kambale aka, kusiya, kufumbata kena, kubwereranso koyamba. Osalemba kanthu. Anzanga kukodolana.

Amayi apulofesa anditsegula zala okha, chimodzichimodzi. "Lemba, mwanawe. Awa afunda kale. Ufawu uli m'mashopu, ana a anthu akudya."

Ndalemba. Dzanja ngati la wina. Ufa auchotsa m'mashopu, atero, ine ndipite kunyumba.

Afunda kale. Mawu amenewa andiperekeza njira yonse. Atelalanso anawafunditsa, ndi kale.

Lachinayi, 20 Malichi

Apongozi asiya kundinena. Bola akadamandinena. Tsopano akungopukuta fumbi, kupinda malaya a mwana wawo, kuwaunjika bwino ngati opita nawo kwinakwake. Ndawapeza akukweza singano kuti achotse diresi, ati likuda.

Ndakuwa. Ine, kukuwira apongozi! Sindinadziwe kuti ndili ndi mawu otere. Iwo manja m'mwamba, kenaka pansi khu, kulira. "Ndinamubereka ine, mayi. Inenso ndikumufuna." Takhala pansi pomwepo tonse awiri, makina pakati. Ndapepesa. Diresi silinachoke.

Makina ndawamvanso masana. Sindinathamange.

Loweruka, 22 Malichi

Manja awo sagwirika, masingano okhaokha. Ndiye ndavundukula kumapazi. Kuzizira kwake, mayo! Ndafumbata lamanja lija, monga kambale. Kupumirapo, kusisita, kufumbatanso. Nthawi yozonda yonse.

Lagwedezeka. Pang'ono, koma lagwedezeka.

Ndaitana anesi, wina wamtali wachifundo. Wayang'ana, wandigwira paphewa. "Zimachitika, mayi. Ndi minyewa chabe."

Ndikudziwa. Ndani angandiphunzitse ine za timiyendo togwedezeka mwini atapita? Ndikadakhala wogulitsa tomato bwenzi lero ndikuvina. Ntchito yangayi yandilanda ndi kachimwemwe komwe.

Adokotala akufuna kulankhula ndi abale Lolemba. Abale onse, atero. Sindinawauze apongozi.

Lamulungu, 23 Malichi

Ndikulembera pabenchi la m'khonde, pabondo. Zilembo zikuthawa.

Ndinalifunditsanso phazi lija. Litafunda ndinaika chikhatho pansi pake, chafulati, ngati chopondera. Sindikudziwa chinandituma. Ndinanena monga ndimanenera kasitomala akaima pakhomo iwo akadali pa tiyi: Atelala, mwini diresi wafika, pondani.

Laponda.

Ndinati minyewa. Ndinati usadzinamize, mkazi iwe. Ndiye ndinayesa monga timayesera kulabu, kubwereza. Lekani. Laleka. Ndinadikira. Pondani. Laponda, chala chopindika chija kukanikiza, kubweza, kukanikiza. N'kupuma, monga amachitira.

Tigalasi sitimva mawu. Minyewa simva mawu.

Anesi anayesa okha, ati finyani, bambo. Zii. Ndinati musatero, sadziwa kufinya amenewa, auzeni aponde. Anawauza, laponda. Anesi kuthamanga, nsapato imodzi kutsala. Anditulutsa, adokotala alowa awiri.

Apongozi ali pambali pangapa, agwira chigongono changa, akungofunsa kuti waona chiyani, mayi, waona chiyani. Ndikuopa kunena, ndingalodze. Maso sanatsegule. Mwina sadzandidziwa. Mwina. Koma munthu ali mmenemo, wandimva, ndipo diresi ndinalisiya momwe analisiyira, singano ili m'nsa

Chitseko. Akuitana akazi awo.