Mwana wa Kutsidya Ali Moyo

Townsville, mwezi wa Okutobala

Okondedwa achimwene a Kerenga,

Landirani moni wanga wochokera kutali kuno kwa azungu, kumene ndinabwera kudzaphunzira. Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga amayi ali bwanji? Bondo lija likuwalola kukwera phiri kupita kumunda wa mbatata, kapena akungolimbana nalo mwamakani monga mwa masiku onse? Mwana wanga Scholastica anandiuza pafoni kuti chifuwa chija chakubwererani. Chonde musachipeputse, pitani akakuyezeni.

Ine ndili bwino, kungoti kutentha kwa kuno sikwa munthu wobadwira m'mapiri ozizira ngati ife. Ndimasamba m'mawa, koma pofika pokwerera basi ndimakhala ngati ndawoloka mtsinje. Mbatata ziliko m'masitolo, zazikulu ngati mutu wa mwana, koma kukoma kwake ngati madzi. Ndikulakalaka nkhumba yophikidwa pamiyala yamoto mpaka ndimailota.

Mudabwa kuti bwanji ndalemba m'malo moimba foni. Ndimakudziwani, achimwene. Pafoni mumadula mawu munthu asanafike n'komwe pakati. Ndiye ndapatsira kalatayi a Mondo, aphunzitsi aja, amene akukwera ndege mawa kubwerera kutawuni yathu ya Kundiawa. Muiwerenge muli nokha, ndipo muiwerenge mpaka kumapeto.

Ndiyambe ndi za sukulu. M'kalasi mwathu tilimo anamwino ochokera ku Fiji, ku Vanuatu, kwathu, ndi ena a konkuno, ndipo wamkulu pa onse ndine. Ena ndi amsinkhu wa Scholastica. Tonse tikuphunzira chinthu chimodzi: kusamalira munthu wovulala kwambiri pa ola loyamba lija, pamene moyo umakhala uli pakhomo. Ndinkaganiza kuti zaka zonse ndagwira m'chipatala chathu, ndi mabala a zikwanje ndi ngozi za maminibasi zomwe ndaona, palibe chachilendo chimene angandiuze. Ndinadzinamiza.

Amatiyesa ndi chidole chachikulu ngati munthu. Chimapuma, chimabuula, chimatuluka magazi, ndipo ukachedwa chimafa. Pamayeso oyamba anandiika kukhala wotsogolera gulu. Ndinachita monga ndimachitira kwathu pamene dokotala ali kufiyeta ndipo ine ndili ndekha: ndinamanga mwendo, ndinathamangira kumutu kukaona mpweya, ndinabwerera kukaika diripi. Anzanga anayi anangoima manja lende, kudikira kuti ndiwauze chochita. Ine pakamwa tseke. Chidole chinafa.

Aphunzitsi athu ndi mayi wina wa tsitsi la imvi, dzina lawo a Narelle. Anandiitanira pambali n'kunena kuti: "Perpetua, manja anuwa ndikanatha kuwagula ndikanawagula. Koma pakamwa mwasiya kuti? Mwaiwala pa eyapoti?" Anzanga anaseka, inenso ndinaseka, koma nditafika kunyumba ndinalira ngati mwana. Mayi wamkulu ngati ine, kulephera mayeso chifukwa cha chidole!

Tsiku lotsatira ndinawafotokozera kuti kwathu mkazi salamula anthu mokweza mawu, makamaka pamene pali madokotala aamuna, komanso kuti nthawi zambiri pamakhala palibe woti umulamule. Anandimvetsa. Anati sakufuna kundisandutsa munthu wamwano, koma kuti wodwala ali ndi thupi limodzi lokhala ndi mabowo ambiri, ndipo manja awiri sangatseke onse. Zoonadi, mutu umodzi susenza denga.

Amene anandithandiza ndi Litia, mnzanga wa ku Fiji amene ndimakhala naye nyumba imodzi. Ndi mkazi wamtali, wa phwete losasiya. Tikaweruka amagona pansi kukhitchini, n'kutulutsa lilime, akuti wagundidwa ndi lole. Ine ndiye ndiziima kumapazi kwake n'kumalamula ziwiya. Filiji ndi dokotala, ketulo ndi namwino wa mpweya, tsache ndi woika diripi. Ndikalankhula motsitsa, iye amadzuka n'kukalipa: "Iwe mayi wa kumapiri, filiji sinamve! Ukufuna ndife ndisanakwatiwe?" Tsiku lina a nyumba yoyandikana nafe anagogoda kufunsa ngati kuli ndewu.

Ulendo wachiwiri ndinakhoza. Ndinaitana aliyense ndi dzina, ndinamuuza chochita, iye n'kubwereza mawu anga kuti ndidziwe kuti wamva. Chidole chinakhala moyo. A Narelle anati anandimva ali panja.

Zambiri zomwe ndaphunzira sizifuna makina odula. Munthu wotaya magazi amafunika kumufunditsa, ngakhale kukutentha, chifukwa akazizidwa magazi sagwirana. Chiuno chothyoka chimamangidwa ndi nsalu wamba. Mwendo wotuluka magazi kwambiri umathinidwa ndi lamba pamwamba pa bala, osamasulamasula panjira monga amachitira anthu kwathu pomvera munthu chisoni. Tsiku limene tinaphunzira za lambayu ndinatuluka m'kalasi kukaima panja. Ndinkaona malemu mng'ono wathu Dilu akutha magazi kumbuyo kwa galimoto ija yothamangira naye kuchipatala. Sindikuimba mlandu aliyense, achimwene, panalibe amene ankadziwa. Koma ndikabwera ndikufuna kuphunzitsa anamwino anzanga, madalaivala a minibasi, ngakhale anyamata a m'mudzi.

Tsopano ndifike pa chimene ndalembera.

Masabata ano atigawa m'chipatala chachikulu, ku chipinda cholandirira ovulala. Lachiwiri lapitali m'mawa tinamva kuti galimoto yonyamula anthu othyola matimati yagubuduzika cha ku Bowen, tawuni ina ya konkuno. Mmodzi anafera pomwepo. Wina anabwera naye pa helikopita: mnyamata wakuda ngati ife, mwendo wamanzere utaphwanyika, nkhope yonse magazi okhaokha. Anandiika kumutu kwake.

Ankalimbana nafe koopsa, kukankha masiki a mpweya, kukuwa. Anzanga ankayesa kumutonthoza m'Chingerezi, wina anayesa Tok Pisin, chiyankhulo chija timamvana nacho mafuko onse a dziko lathu, koma osamva. Kenako ndinamvetsetsa zomwe ankakuwa. Achimwene, ankaitana mayi ake m'chiyankhulo chathu.

Ndinawerama n'kumuuza m'khutu kuti: "Khala chete, mwanawe, ndili pano. Ukumva kuwawa pati?" Anasiya kuphiriphitha, n'kutsegula maso ngati waona mzukwa. Anati mwendo sakuumva n'komwe, koma m'mimba ndi paphewa lamanzere ndi pamene pakuyaka moto. Ndinadzutsa mutu n'kuuza dokotala mokweza, monga ndinkachitira ndi filiji ija. Dokotala anabwereza mawu anga, anaunika m'mimba ndi makina, n'kupeza kuti kapamba wang'ambika ndipo magazi akutayikira m'kati. Aliyense anagwira pake, ndipo posakhalitsa tinali tikukankha bedi kupita kufiyeta.

Tili m'njira ndinamufunsa dzina. Anati ndi Teine, mwana wa malemu a Waine ndi mayi Moro, a kutsidya kwa mlatho.

Mukuwadziwa. Ndi a fuko lomwe lija linatiphera Dilu, ndipo nyumba ya a Waine ndi imodzi mwa zimene anyamata athu anatentha pobwezera. Koma dzanja langa linali pa masiki ake, ndipo silinachoke mpaka anthu a kufiyeta atamulandira. Kenako ndinakalowa m'bafa n'kukhala pansi. Litia anandipeza momwemo. Anangokhala nane pansipo, yunifomu yake yoyera bwinobwino.

Mnyamatayo wapulumuka, koma mwendo audula m'munsi mwa bondo. Lachisanu ndinapita kukamuona kuwodi. Atawerenga dzina la bambo athu pa baji yanga, anatembenukira kukhoma. Kenako anafunsa kuti: "Mayi, mwabwera kudzandimaliza?"

Ndinamuyankha kuti: "Iwe, nsapato zanga zatsopano ndataya chifukwa cha magazi ako, ndiye lero ndidzakumalize? Tadzuka umwe phalali." Anaseka pang'ono, kenako analira kwambiri, ineyo n'kumugwira mutu. Ndi wamng'ono kuposa Dilu, ndevu zangoyamba kumene. Sindinamufunse kuti tsiku limene Dilu anaphedwa anali kuti, ndipo sindidzamufunsa. Chimene anandiuza yekha n'chakuti anabwera kuno kudzagwira ntchito kuti akamangire mayi ake nyumba ya malata m'malo mwa yopsa ija.

Vuto ndi ili. Amene anafera pangoziyo ndi mnyamata wa chigawo china, wa ku Goroka, koma wina anajambula galimotoyo n'kufalitsa pafoni kuti wafa ndi Teine. Mnzake wa kumunda wa matimati wamva kwa anthu a ku Kundiawa kuti kutsidya maliro ayamba kale, ndipo mayi Moro adzola dothi thupi lonse monga timachitira polira maliro. Akuluakulu a kumunda ayesa kuimbira amalume a Teine kumzinda wa Lae, foni sikulowa. Kutsidya kwenikweniko mukudziwa kuti nsanja ya mafoni inagwetsedwa nthawi ya nkhondo ya mafuko athu ija, ndipo chiyambire palibe wa kwathu amene amawoloka.

Chimene chikumusowetsa mtendere mnyamatayu si mwendo. Akuti bambo ake atamwalira, anthu ena anayamba kale kunong'onezana kuti mayi ake ndi mfiti. Tsopano akamva kuti mwana yekhayo wapitanso, adzawaloza chala poyera. Achimwene, inu mukudziwa chimene chimachitikira mkazi wamasiye akalozedwa chala kwathu. Ine ndikudziwa koposa, chifukwa ndine ndimasambitsa mabala awo akawabweretsa, amene amafika amoyo.

Ndiye pempho langa ndi limodzi. Mu envulopumu muli chithunzi cha Teine atakhala pabedi, ine ndili pambali pake. Wandipempha yekha kuti ndichitumize, ndipo kumbuyo kwake walemba ndi dzanja lake. Ndikupempha kuti muwoloke mlatho mukachipereke m'manja mwa mayi ake, pamaso pa anthu.

Ndikudziwa zomwe mukunena panopa. Mukuti mlongo wanu wapenga ndi dzuwa la kwa azungu. Mukuti bwanji osatuma akatekisiti okha. Ndaganiza zimenezo. Koma anyamata olondera pamlatho salola munthu kudutsa popanda mawu anu, ndipo kutsidya akaona akatekisiti okha adzati ndi nkhani zotonthoza maliro. Akaona inu, mkulu wake wa Dilu, mutabwera chimanjamanja ndi uthenga wotere, palibe amene adzakayike. Pitani masana, akatekisiti patsogolo, chikwanje musiye kunyumba.

Sindikuti muiwale Dilu. Inenso sindinamuiwale, ndipo ndi iye amene wandifikitsa kuno pa ukalamba wanga uno. Sindikuti mukagwirane chanza ndi aliyense, kapena mukayambe nkhani za chipukuta misozi. Zimenezo ndi za inu amuna ndi nthawi yake. Ndikudziwanso kuti ndikukuikani pachiswe, ndipo ngati mtima wanu ukuuzani kuti njira siili bwino tsiku limenelo, dikirani m'mawa mwake. Koma musadikire sabata.

Amayi muwauze nokha musanapite, asadzamve kwa anthu. Akakwiya, akwiyire ine. Koma ndikuganiza kuti pa anthu onse a m'mudzi mwathu, iwo ndi amene akudziwa kulemera kwa dothi limene mayi Moro adzola. Zikanakhala kuti wina anabwera tsiku lija kudzawauza kuti kunali kulakwitsa, Dilu ali moyo, sakanafunsa kuti wabwerayo ndi wa fuko liti.

Mukakafika simufunika kukalankhula zambiri, inu si munthu wa mawu ambiri. Za mwendo mukawauze zoona, chifukwa pachithunzipo zikuoneka. Kenako mukangoti: mayi, kasambeni, mwana wanu akudya.

Maphunziro atha mu Disembala, ndipo Mulungu akalola Khrisimasi tidyera limodzi. A Narelle anandifunsa ngati ndingakonde kutsala kuno ntchito. Ndawathokoza, koma ndawauza kuti kuno anamwino ngati ine alipo kale ambiri.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mankhwala opaka bondo ali m'chikwama cha a Mondo. Moni kwa alamu, kachikwama ka bilum kamene anandilukira kaja anthu kuno akukasirira mpaka kufuna kundilanda. Moni kwa amalume a Gende ndi azakhali, kwa mkazi wa malemu Dilu ndi kamwana kake, ndi kwa ana anu onse. Scholastica mumuuze kuti mayi ake analephera mayeso n'kubwereza, ndiye iyenso masamu aja asawathawe.

Ndidikira kumva kuchokera kwa inu. Teine nayenso akudikira, ndipo nthawi iliyonse ndikalowa m'wodi amayang'ana nkhope yanga ndisanatsegule pakamwa.

Ambuye akutsogolereni popita ndi pobwera.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Perpetua