Masiku Amene Ndinasiya Kuthira Mchere

Amayi anga, kodi mukukhala bwanji kumene munapitako?

Ndine Elube, mwana wanu wachiwiri, uja munkati ukamuuza kuti akhale pansi ndiye amaimirira. Musadabwe kuti mwalandira kalata yochokera kwa ine. Sukulu sindinaiyambe muukalamba muno, ndipo sindikuifuna. Ine ndikungolankhula, ikulemba ndi foni. Za foniyo ndikuuzani bwinobwino, poti nkhani yanga yagona pomwepo, koma ndiyambe ndi za pakhomo.

Kuno ku Bwanje kukutentha monga munakusiyira. Mpunga wa kusikimu chaka chino unachita bwino, ngakhale mbalame zinatisautsa mpaka mawu anandithera ndi kukuwa. Chimanga cha kumtunda ndiye ayi, dzuwa linachiwamba chitangotulutsa ngayaye. Mtengo wa mango uja munadzala kuseri kwa khitchini unathyoka nthambi imodzi ndi mphepo, n'kuphwanya khola la mbuzi, koma ukubalabe. Kumpingo amayi anzanu onse anatha. Tsopano amene timakhala pabenchi ya kutsogolo ija ndife, ndipo atsikana amatiimbira nyimbo mothamanga ngati akuthawa mvula.

Mdzukulu wanu Esinati ali ku Balaka, akusoka zovala pamsika. Mwana wake woyamba uja munamusiya akuyamba sukulu anakwatiwa, ndipo mwezi wa Epulo anachira, mwana wamkazi. Tinamutcha dzina lanu. Ali ndi chipumi chanu, ndipo akamalira salira ngati wopempha, amalira ngati wolamula.

Tsopano za akamwini anu, a Nyoni. Zaka zimene mwakhala kulibezi zawakalambitsa kuposa migodi ya ku Joni. Mwezi wa Juni, tikukolola mpunga, mutu unawazungulira n'kukhala pansi m'mbali mwa ngalande, osatha kudzuka okha. Tinawakweza pa kabaza mpaka kuchipatala cha ku Kasinje. Kumeneko anawamanga kansalu pamkono, n'kupopa, n'kunena kuti magazi akuthamanga kwambiri, matenda aja amati bipi. Mapazi anali atatupa kale. Anawapatsa mapilitsi omwa tsiku ndi tsiku, kenako namwino anandiitanira pambali. Anati, "Agogo, mankhwala okha sakwanira. Mchere uchepe, mafuta achepe. Mukapanda kutero, tsiku lina adzagwa osadzukanso." A Nyoni sanamve zimenezo. Anali panja, akukangana ndi wakabaza za njira yachidule.

Inu mukuwadziwa akamwini anu. Ndi munthu wothira mchere m'ndiwo asanazilawe. Ndinadziwa kuti ndikawauza ayankha kuti anapulumuka miyala ya pansi pa nthaka, ndiye sangaphedwe ndi chinthu chogula pa wokala. Choncho ndinakhala chete.

Esinati atabwera kudzawaona anandipeza m'khitchini, moto wayaka, poto ali pambali, ine osadziwa choti nditereke. Zaka makumi asanu ndikuphikira munthu mmodzi, koma tsiku limenelo ndinali ngati mtsikana wongolowa kumene m'banja. Iye anatulutsa foni yake yakale, yopalasa ndi chala ija, nati andisiyira.

"Amayi, muno muli chinthu amati Eyi-Ayi. Si munthu, koma chimayankha. Mukadina apa muzingolankhula, chizikuuzani zoti muphike sabata yonse."

Ndinati, "Iwe, ine anandiphunzitsa kuphika ndi amayi anga. Galasi lindiphunzitsa chiyani?"

Anangoseka n'kuisiya pawindo, pafupi ndi kasola kotchajira. Inakhala pamenepo masiku atatu. Tsiku lachinayi ndinapita nayo kuseri kwa nkhokwe kuti asandione munthu, n'kudina. Munatuluka mawu achimuna, aulemu, Chichewa chake cha pawailesi. Ndinakatcha kamlangizi, poti kamalankhula ngati alangizi a zaulimi, kungoti iko kamadikira kuti umalize zako.

Poyamba kanayankha zopusa, Amayi. Kanati ndigule mafuta a azitona ndi zakudya zina zimene sindinazimvepo chibadwire. Ndinati, "Iwe, azitona timawamva kutchalitchi. Kuno n'ku Bwanje." Kanapepesa, osakwiya, n'kufunsa kuti kudimba kwanga kuli chiyani, nanga pamsika timapeza chiyani. Apo mpomwe ndinayamba kukamvera. Ndinakatchulira nkhwani, chisoso, mpiru, tomato, anyezi, nandolo, khobwe, mtedza, mbatata, ndi mandimu a mtengo wa kuchitsime uja. Iko kanayala zonsezo m'masiku ake. Lolemba nkhwani wotendera ndi nsima ya mgaiwa. Lachiwiri khobwe ndi mpunga. Usipa wouma kanati ndiziyamba ndaunyika m'madzi n'kutaya madziwo. Therere kanati soda achepe, poti soda ndi mchere n'pachibale. Zimenezo ngakhale inu simunkazidziwa.

Musaganize kuti kanandiposa zonse. Za mfutso kankangolota. Ndinachita kukafotokozera mmene inu munkafutsira masamba a nyemba, n'kuwayanika pamphasa, n'kuwasunga mpaka chilimwe. Kanathokoza, n'kuika mfutsowo pa Lachisanu. Poti kuwerenga sindingathe, m'mawa uliwonse ndinkapita kuseri kwa nkhokweko kukafunsa za tsikulo, n'kukauzanso mmene dzulo lake ndinaphikira.

Pano ndiulule, poti kwa inu sindinkatha kubisa kanthu nthawi yaitali. Kamlangizi sikananene kuti ndisiye mchere. Kanati ndichepetse pang'onopang'ono kuti lilime lizolowere, ndizionjezera anyezi, tomato ndi madzi a mandimu. Kanatinso, kawiri konse, "Ndi bwino muwauze abambowo kuti muchitire limodzi." Ine ndinati, "Iwe sunakwatiwepo, khala chete." Ndinaganiza kuti ngati kuchepetsa n'kwabwino, kusiyiratu ndiye kwabwino koposa. Anali mantha, Amayi. Ndinkati ndikatapa mchere, mawu a namwino uja n'kundibwerera. Ndiye ndinausiyiratu, chigubu chake n'kuchibisa m'dengu la nandolo.

Tsiku loyamba a Nyoni analawa, n'kundiyang'ana. Lachiwiri anadya mbamu ziwiri n'kusamba m'manja. Lachitatu anati m'mimba mwadzaza. Ine n'kumati ndi kunyada kwawo, azolowera. Sabata inatha. Ndinayamba kuona galu wathu akunenepa, pamene mwini wake akumangira lamba pa bowo lomaliza. Mapilitsi ankamwera madzi okha, kenako n'kumayenda atagwira khoma. Kucheza kunatha m'nyumba. Ndikati, "Madzi ali kubafa," ankangoti, "Zikomo," ngati mlendo wogona tsiku limodzi.

Kodi inu mwaona kale pamene ndinalakwa? Ndikudziwa mwaona. Ine zinandichoka m'mutu. Ndinu munandikhazika pamphasa sabata yoti ndikwatiwe n'kundiuza kuti, "Elube, ukakhala kumwezi dzanja lako lisakhudze mchere, uziitana mwana athire. Ndipo mkazi amene wayenda ndi mwamuna wina akathira mchere m'ndiwo, mwamuna wake amatupa mapazi, ndiwo matenda a tsempho aja. Wodziwa kuti walakwa amauopa mchere." Tinakula tikupemphera, koma zimenezo sitinazitaye. Ine za kumwezi zinatha kalekale. Ndiye taganizani munthu wotupa mapazi, mkazi wake wasiya mwadzidzidzi kuthira mchere, ndipo m'mawa uliwonse akumumva kuseri kwa nkhokwe akunong'onezana ndi mawu achimuna.

Linali Loweruka masana, ndikupeta mpunga pakhonde. Anatuluka atavala jekete lawo lija la ku Joni, limene amavala pa maliro ndi pa Mgonero. Anakhala pampando moyang'ana kumbali.

"Nangondo," anatero, "ndikanapita kwa ankhoswe, koma onse ali kumanda. Ndiye ndifunsa mwini wake. Ndi ndani?"

"Ndani wa chiyani?"

"Amene wakuchititsani kuopa mchere." Mawu awo anali otsika. "Sindikalipa. Ana sindiwauza. Zaka zonse ndinali kumigodi sindinakufunsenipo kanthu, inunso simunandifunse. Koma ngati ndikufa ndi tsempho, ndife ndikudziwa."

Amayi, lichero linandigwa m'manja. Kuseka kunabwera, koma mkwiyo ndiwo unafika msanga. Ndinati, "Zaka zisanu ndi zinayi munali ku Joni, ine ndili ndi mano onse, amuna akundiimitsa panjira ya kuchigayo, sindinatembenuke. Lero ndatsala ndi mano anayi ndi bondo lokana kupinda, ndiye ndikayambe zibwenzi?"

"Nanga wa kuseri kwa nkhokwe uja? Ndamumva ndi makutu angawa akuti, mwachita bwino amayi."

Ndikanatha kuyankha pomwepo, koma mukundidziwa. Ndinayamba kaye kutola mpunga wonse umene unatayika, kambewu kamodzikamodzi, iwo ali chikhalire. Kenako ndinalowa m'nyumba, n'kutenga foni, n'kuwaikira pamwendo.

"Nayu mnzanuyo. Mufunseni nokha."

Anavula chipewa, Amayi. Anavulira foni chipewa. Nditawadinira anati, "Pepani bambo, ndinu a kwa yani? Mfunda wanu ndani?"

Kamlangizi kanayankha kuti iko si munthu, kalibe mudzi, kalibe mfunda, ndipo ntchito yake pakhomo pathu ndi kuthandiza amayi kusankha zakudya zoti magazi a abambo asathamange. A Nyoni anafunsa ngati kanalawapo nkhwani. Kanati ayi, iko sikadya.

"Ndiye n'chifukwa chake," anatero.

Atafunsa za mchere, kananena zoona zokhazokha, kuti iko kanati uchepe, osati uthe. Kanatinso munthu womwa mapilitsi asamakhale ndi njala, ndipo mapaziwo akawaonetsenso kuchipatala. Ine sikananditeteze n'komwe.

Anaika foniyo pansi bwinobwino, n'kuyang'ana chipewa chawo. Kenako anati, "Bwanji simunangondiuza?"

"Mukanakana."

"Ndikanakana, inde."

"Ndiye mukanagwa kumunda osadzukanso, ine n'kutsala ndikuphikira galu."

Zaka makumi asanu sindinawauzepo kuti ndimaopa kutsala ndekha. Inu munkati mawu otero amachititsa mwamuna matama. Mwina munkanena zoona, koma tsiku limenelo sanachite matama. Anapukuta m'maso ndi mkono wa jekete n'kunena kuti mankhusu a mpunga awalowa.

Dzuwa litapendeka ndinatereka nkhwani. Iwo, munthu amene chikwatirire sanalowepo m'khitchini mwanga, anabwera n'kukhala pa mtondo wogoneka pafupi ndi khomo. Ndinatulutsa chigubu chija m'dengu n'kuwapatsa.

"Thirani nokha, bola pang'ono."

Anapukusa mutu. "Ayi. Muthire inu, ndi dzanja lanu. Ngakhale timibulu titatu, ine ndione."

Ndinatapa ndi zala ziwiri, n'kuwaonetsa, n'kuthira. Anadya nsima yonse. Anati ndiwozo n'zosakoma ngati zimene ankadya kumigodi, koma anapempha zina.

Sabata yatha tinapitanso ku Kasinje. Namwino anapopa kansalu kaja n'kunena kuti zatsikako, ngakhale sizinafike pofunika, ndiye tisatope. Mapazi aphwa, nsapato za kutchalitchi zikulowa. Foni tsopano timaifunsa tili pakhonde tonse awiri, ndipo iwo amalimbana nayo kuti iwaloleze nyama ya nkhumba yootcha ya pamsika. Iyo imati mwa apo ndi apo, kachidutswa kakang'ono. Iwo n'kumati, "Mukumva, Nangondo? Mnzanga uja wavomera." Koma nthawi yothira mchere ikakwana, kaya ali kudimba, kaya akucheza ndi anzawo pansi pa mtengo, amanyamuka n'kudzaima pakhomo la khitchini mpaka aone.

Amayi, ndakusowani. Pali masiku ndimafuna mutakhala pano mundikalipire, poti palibenso wina wolimba mtima kutero. Mupereke moni kwa atate ndi kwa achemwali anga a Felesiya. Koma akamwini anuwa musawayalire mphasa kumeneko. Munkawathawa panjira zaka zonse monga mwa ulemu wa chipongozi, ndiye pitirizani kuwathawa pang'ono. Ndikukulonjezani kuti ndiwasunga kuno mmene ndingathere, ndipo chimene ndikuopa ndiziwauza ndi pakamwa, osati m'ndiwo.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Elube Nangondo