Chimbale Chimene Ababa Anasankha ndi Zala

Protea Park,
Rustenburg.

Okondedwa amayi,

Mwadzuka bwanji kumeneko kwa Bilira? Bondo lija likukuvutanibe mukamakwera chitunda cha kutchalitchi? Achimwene a Edward anandiuza kuti mvula yayamba bwino ndipo mwadzala kale. Ife kuno Mulungu akutisunga. Kwatentha kwabasi, ndipo fumbi la kumigodi likudetsabe zovala pachingwe.

Musadabwe kuti ndalemba kalata m'malo moimba foni. Pafoni inu ndi ine timalandana mawu pakamwa, pomwe nkhani iyi ikufuna muimve mutakhala pansi. Tsiku lija munandiuza kuti simudzawaimbiranso ababa, mwatopa ndi munthu wongoti eya, eya, kenako n'kudula foni. Munati Khirisimasi yapita sanabwere, ndiye kuti asanduka tchona, kapena alipo wina akuwachapira malaya ku Tlaseng. Mawu amenewo andikhala pamtima. Chonde werengani mpaka kumapeto, ngakhale nkhaniyi ikuyambira pa ng'oma zanga zimene simuzikonda.

Ntchito ya kusitolo ya zovala ndikugwirabe, ndipo Loweruka ndimaimbabe ng'oma m'bandi ya Armindo, mnzanga wa ku Tete woimba gitala. Nyimbo zathu ndi zomwe zija za roko, zimene munati zimamveka ngati lole yagwera m'sitolo ya mapoto. Pambali pa ng'oma za bandi pamakhala zimbale zamkuwa zopachika pa timiyendo tachitsulo. Chachikulu, chokhala kudzanja lamanja, timachitcha raidi. Chimenecho ndicho chimagwira nyimbo: ndikamachigogoda kuti nge nge nge, anzanga onse amapondera pomwepo. Changa chinali chotchipa, chopyapyala. Chinayamba ndi kupindika, kenako chinang'aluka pakati pa ukwati wa eni ake. Manyazi ake, amayi, musachite kufunsa.

Ndinazungulira masitolo a m'tauni. Zimene thumba langa likanakwanitsa zinali zopyapyala ngati chakufacho. Zabwinozo, nditamva mtengo ndinangoseka n'kutuluka. Armindo anati ndidekhe, kuona maso a nkhono n'kudekha. Anati kwa ife omenya ndi mphamvu, bola chakale koma cholemera, cha mkuwa wofiirira, choti mawu ake aziboola phokoso la magitala. Anati chachikulu ndiyang'anitsitse m'mphepete ndi pabowo lapakati, chifukwa mng'alu umabisala pamenepo. Patapita masiku anamva za mzungu wina wokalamba ku Safari Gardens amene amagulitsa zimbale za mwana wake, yemwe anasamukira kunja.

Lamlungu nditapita kukawaona ababa ku Tlaseng ndinawauza za ulendo wokaona zimbalezo. Aa, nkhalamba inadzuka pampando! Anati mwana wa Beston sangagule chitsulo mu Joni muno khutu la Beston lisanachimve. Mukudziwa mmene amanyadira ntchito yawo yakale. Kumgodi akaphulitsa miyala, iwo ndiwo ankalowa koyamba ndi gwala, chitsulo chachitali chija, n'kumagogoda denga. Mwala wolimba umalira bwino, woti ugwa umangoti bu bu, ndiye iwo ankakuwa kuti pasopa, chenjerani, anthu n'kubwerera. Ndinakondwa, amayi. Aka kanali koyamba kuti ababa alowerere za ng'oma zanga.

Loweruka m'mawa anavala jekete lawo la kutchalitchi, kutentha konseku. Armindo anatitenga pa kagalimoto kake. Mzungu uja tinamupeza m'galaja, ndipo zinapezeka kuti nayenso anakalambira pansi pa nthaka. Atangodziwana anayamba Fanakalo, chiyankhulo chawo cha kumgodi chija, kukuwirana ngati ali kutsidya la mtsinje, kutchulana madala, kuseka. Ine ndi Armindo tinangoima poteropo ngati alendo.

Zimbale zinalipo zitatu. Ababa anakana kuti ndizikhudze. Anatenga choyamba, n'kuchikoleka pachala, n'kuchigogoda ndi kiyi wa nyumba, khutu atalitchera. Anapukusa mutu. Chachiwiri, cholemera, chakuda ndi ukalamba, anachigogoda n'kuchiika pansi. Chachitatu chinali chonyezimira bwino. Atachigogoda, tonse tinamva kuti chikunjenjemera moipa, ngati lata losakhomedwa bwino kukamawomba mphepo. Chinali chong'aluka, ngakhale mwana akanamva. Koma ababa anamwetulira, n'kunena monyada kuti ichi ndiye chitsulo, ndidzakalamba nacho.

Armindo anayamba kuyang'ana nsapato zake. Ine ndinkadikira kuti ababa aseke, anene kuti amatiyesa. Sanaseke. Ankatiyang'ana mmodzimmodzi, kudikira kuti tiwayamikire. Amayi, mtima wanga unasweka pamenepo.

Mzungu uja anangotembenuza mutu wake, n'kuwaonetsa ababa kachipangizo kakang'ono kamene kanali kuseri kwa khutu lake. Kenako anatenga dzanja la ababa, n'kuika nsonga za zala zawo pansi pa chimbale chija, n'kundikodola kuti ndimenye. Ndinamenya. Nkhope ya ababa inasintha. Anachitembenuza, n'kuyendetsa chikhadabo mozungulira bowo, mpaka chinakodwa pa kamng'alu kochepa ngati tsitsi. Anachiika pansi pang'onopang'ono.

Ndinkaganiza kuti akwiya n'kutuluka, monga mukuwadziwira. Koma anati ndiwapatse chakuda chija. Anachigwira ndi zala momwemo, atatsinzina, n'kundiuza kuti ndimenye pakati, ndimenye pamchombo wake wotukuka uja, ndimenye m'mphepete. Anakhala nthawi yaitali akumvetsera ndi zala mpaka chinaleka kunjenjemera. Ndiye anati ichi chilibe bodza. Ndinachiyesa ndi timitengo tanga, ndipo zoonadi, mawu ake ndi oyera, osamwazika, ngakhale maonekedwe ake ndi a chivundikiro cha mgolo. Mzunguyo anandipatsa pamtengo woti sindinachite kulira nawo. Anakananso kundigulitsa chonyezimira chija, akuti iyenso samadziwa kuti chinafa.

Kenako tinabwerera ku Tlaseng. Armindo atapita, ababa anandikhazika pakhonde n'kundiuza zonse, ndipo anandilola kuti ndikuuzeni. Anati makutu awo anayamba kutsekeka kalekale ndi makina obowolera miyala, koma chaka chathachi zafika poipa. Mawu aakulu, okhuthala, amawamva. Mawu aang'ono, a mbalame, a ana, a amayi, amangowadutsa. Munthu akakhala pamaso pawo amathandizidwa ndi milomo yake, koma pafoni palibe milomo. Anati mukaimba amamva kuti ndinu, amamva kuti mukuyankhula, koma sagwirapo liwu ndi limodzi lomwe. Amati eya, eya, kenako amadula, kuopa kuvomera chimene sanamve. Akadula amakhala ndi foniyo m'manja mpaka kuwala kwake kuzime.

Za Khirisimasi anati tikiti anali atagula. Koma anaganiza za kukhala pakhonde la kwa Bilira, abale atabwera ndi milandu yawo kuti a Beston aweruze monga mwa masiku onse, iwo n'kumangogwedeza mutu ngati gulo. Anati munthu amene ankapulumutsa anzake ndi khutu sakanatha kunena pakati pa akamwini ndi adzukulu kuti khutulo lafa. Ndiye anabweza tikiti, n'kudya Khirisimasi okha.

Mufunsa kuti nanga ine sindinaone bwanji. Amayi, mukudziwa mawu amene munandibereka nawo, ine ndikanong'ona anthu a nyumba yachitatu amayankha. Wailesi yawo ikamalira mpaka kumsewu ndinkati ndi ukalamba. Akapanda kundiyankha nditawafulatira ndinkati ndi makani aja a kwawo. Za wochapa malaya, iwalani. Malaya amachapa okha, ndipo amawachapa moipa.

Ndinapita nawo kuchipatala pakati pa sabata. Anamwino anati khutu lakumanzere lapita, silibwereranso. Lakumanja likadali ndi kampata, koma nako kakutsekeka, ndipo sanganene kuti katsala nthawi yanji. Awalemba kuti adzalandire kachipangizo konga ka mzungu uja, tikudikira. Chiyambire tsiku limenelo ababa asanduka wapolisi wanga. Anafukula m'sutikesi timphira totseka m'makutu timene anapatsidwa kumgodi, iwo osativala, ndipo akuti ndikadzakhalanso pa ng'oma popanda timeneti adzachitaya chimbale changa m'dzenje la mgodi. Loweruka lapitali anabwera kudzationa tikuyeserera. Anaima pambali panga, dzanja lili pa kamwendo ka raidi, n'kumagwedeza mutu motsatira nyimbo. Atatha anati nyimbo zathu n'zoipabe, koma chitsulocho n'chabwino.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Bwerani, amayi. Musadikire Khirisimasi ina. Pasipoti yanu ikadali yamoyo, achimwene angakuperekezeni kukakwera basi ku Blantyre, ndipo ine ndidzakuchingamirani ku Johannesburg. Za kubwerera kwawo kumudzi mudzakambirana nokha, ine sindilowererapo. Ababa anandiuza kuti wailesi ikhoza kupita, kwaya ya kutchalitchi ikhoza kupita, phokoso langa likhoza kupita n'kuthokozanso. Koma akuopa kuti kampata kaja katsekeka asanamvenso a Rozalia akuwaitana. Anakutchulani dzina lanu, amayi, ine ndili pomwepo, ndipo sanachite manyazi.

Mundiperekere moni kwa achimwene a Edward ndi alamu anga, kwa amalume ndi akazi awo, kwa azakhali a ku Kasinje, ndi kwa ana onse. Muwauze amayi a Mvano kuti ndimawakumbuka. Armindo akuti moni, ngakhale simumudziwa.

Ndinawafunsa ababa ngati ndilembe moni wawo. Anakana, akuti moni wa papepala ndi wa matchona, iwo adzapereka okha. Angoti ndikuuzeni kuti mukadzafika mudzakhale kudzanja lawo lamanja, pafupi, ndipo mudzakalipe zonse zimene mwasunga. Akuti ulendo uno sadzadula.

Ndine mwana wanu waphokoso uja,
Tinenenji