Mpando wa Lachiwiri

Lachisanu, pa 16 Meyi

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti inu, alamu ndi ana nonse muli bwino. Musadabwe kuti ndalemba kalata m'malo moimba foni ngati masiku onse. Mukaimba, Amayi amakhala pomwepo khutu lili tcheru, ndipo zimene ndikufuna kunenazi atazimva angandidule pakamwa.

Munawamva sabata yatha akukuuzani kuti pobwera kuno anayenda ngati mkazi wa nduna. Achimwene, limenelo ndi bodza la masana. Amayi anatuluka m'bwalo la ndege ali pachikuku, akukankhidwa, milomo itauma, dzanja atagwira m'chiuno. Kuti alowe m'galimoto tinachita kuwanyamula anthu atatu. Mpaka lero kubafa sapita okha.

Mukukumbukira zimene ananena adokotala amene anawachita opaleshoni ya msana kumeneko, kuti asakhale tsonga nthawi yaitali. N'chifukwa chake munadzimana, munamana ndi ana anu omwe, kuti Amayi akwere bizinesi kalasi, kumene mpando umatambasuka n'kukhala bedi. Ndipo tikiti munati ndidule ine, poti ntchito yanga ndi yomweyo yogulitsa matikiti a ndege. Ndinawatumizira mpaka chithunzi chimene chili pawindo la ofesi yathu, cha mayi wina atagona chagada, atafunda bulangeti, akumwetulira ngati alibe vuto padziko. Ndinati, “Amayi, inu mudzangogona, podzuka mwafika.”

Chikomekome cha mkuyu! Kampani ya ndege imene anakwera ili ndi ndege ziwiri pa ulendo umenewu. Yatsopano ndiyo ili ndi mabedi aja. Inayo ndi nkhalamba, mwina inayamba kuuluka ine ndili kupulayimale. Mmenemo bizinesi kalasi ndi mpando wotakasukako pang'ono, wopendekera kumbuyo ngati munthu wokana moni, ndi kansalu kotchinga kuti a kumbuyo asakuoneni mukudya. Mtengo wake? Chimodzimodzi, osachotsako ngakhale kakobiri. Dzina lomwelo, chithunzi chomwecho. Amayi anaikidwa m'nkhalambayo maola asanu ndi atatu.

Akuti atakhala pansi anayamba kufufuza batani logonetsera mpando. Anadina ili, kunayaka getsi. Anadina lina, kunabwera mtsikana wogwira ntchito m'ndegemo.

“Mwanawe, bedi lili pati?”

“Pepani agogo, ndege ino ilibe. Koma ndikubweretserani juwisi.”

Juwisi, Achimwene! Msana wosokedwa, mankhwala ake juwisi! Chopondera mapazi nacho chinali chothyoka, chikungolendewera. Mtsikanayo sindikumuda, anayesetsa, anasonkhanitsa mapilo anayi n'kuwatsamiritsa. Ndipo mukuwadziwa Amayi, sasowa poseketsa anthu. Akuti kathaulo kotentha kamene amapereka kopukutira m'manja, iwo anakalowetsa m'bulauzi n'kukaika pamsana, kenaka n'kupempha kena. Pofotokoza amaseka, koma kusekako kumathera m'kubuula.

Lolemba ndinapita ku ofesi ya kampaniyo mtima uli phuliphuli. Anandikhazika pampando wofewa kuposa umene anakhalira Amayi. Anatulukira bwana wina wa tayi yofiira, wonunkhira mafuta odula, n'kuyang'ana tikiti ngati akuwerenga nyuzi yakale.

“Mayi, ife timagulitsa kalasi, sitigulitsa bedi.”

“Nanga chithunzi mwapachika pakhomopo ndi cha kalasi kapena cha bedi?”

“Pansi pake talembapo kuti mipando imasiyana malinga ndi ndege.”

Ndinatuluka kukayang'ana. Zilipodi, tizilembo tating'ono ngati mapazi a nyerere, pafupi ndi pansi pomwe amakolopa. Nditabwerera anayamba kundiwerengera zabwino zawo: kodi chakudya sanadye? M'chipinda chodikirira cha mabwana sanalowe? Katundu wawo sanatuluke moyamba? Ndinati, “Bambo, mayi anga sanakwere ndege yanu chifukwa cha njala. Mukapita kogula nsapato, n'kulipira za chikopa, iwo n'kukukulungirani patapata, mudzavomera poti zonse n'zovala kuphazi?” Anangomwetulira, n'kunena kuti atipatsa mapointi oti tidzagwiritse ntchito ulendo wina. Ndinamuuza kuti mapointiwo awapinde bwinobwino atsamire yekha. Anthu amene anali pamzere anaseka, koma ine misozi inali m'maso.

Kenaka anandifunsa funso. Anati, “Tikitiyi yadulidwa ku ofesi ya maulendo. Amene anadulayo sanakuuzeni kuti ndege ya Lachiwiri imasinthasintha?” Sanadziwe kuti wodulayo ndi amene waima patsogolo pake.

Apa ndiye pamene pali nkhani, Achimwene, ndipo ndazungulira mokwanira. Pakompyuta yathu, kumapeto kwa mzere wa ulendo uliwonse kumakhala tizilembo titatu tosonyeza mtundu wa ndege. Aliyense wobwera kumene pantchito ndimamuphunzitsa ndine kuti usagulitse mpando usanaone ndege. Ndinaona. Ndinkadziwa kuti Lachinayi imabwera yatsopano nthawi zonse, pamene Lachiwiri zimatengera mwayi, sabata ino yatsopano, sabata inayo nkhalamba. Koma Lachiwiri ndi tsiku langa lopuma. Lachinayi ndikanayenera kukapempha chilolezo kwa abwana anga kuti ndikawachingamire Amayi, ndipo tinali titayambana sabata imeneyo, sindinafune kukawagwadira. Ndinati mumtima, aa, ibwera yatsopano. Pakadafunda padajiwitsa galu. Ndinachita juga ndi msana wa mayi anga pofuna kupewa mawu awiri okha, “chonde bwana.”

Sindikuichotsera mlandu kampaniyo, ayi. Munthu wolipira mtengo umodzi ayenera kulandira chinthu chimodzi, osati kuchita kuwombeza kuti kubwera ndege iti. Ndawalembera kale madandaulo ndipo sindiwasiya. Makasitomala anga onse tsopano ndikumawauza poyera, ngakhale abwana akwiye. Koma anthu enawo amapusitsidwa chifukwa sadziwa. Ine ndinkadziwa.

Dzulo ndikuwapaka mankhwala kumsana ndinalephera kupirira, ndinawaululira zonse. Anamvetsera nkhope ili kukhoma. Kenaka anati, “Ndiye ukulira chiyani? Paka bwino apo, wasiya m'munsimu.” Nditamaliza anandigwira dzanja. “Mchimwene wako usamuuze. Mtima wake ndimaudziwa, ndi wa malemu bambo ako. Msanawu uchira, ukapanda kuchira ndi wanga. Koma ndinabereka awiri okha. Mukadana, ine nditapita, adzakuyanjanitsani ndani?”

Ndaphwanya lamulo lawo chifukwa pali zimene simungathandize musakudziwa. Ululu ukutsikira mwendo wamanzere, ndipo zala ziwiri za kuphazi akuti sakuzimva bwino. Adokotala a kuno awaona, atipatsa tsiku lokajambula, koma chonde pitani kwa amene anawachita opaleshoni mukawafotokozere zoona zake, kuti anakhala tsonga maola asanu ndi atatu, timve kuti akuti chiyani. Chachiwiri, mwezi wa Ogasiti ayenera kubwerera kumeneko kukaonedwanso, koma akukanitsitsa. Akuti, “Ine ndi ndege tinatsazikana.” Kwa inu adzanamizira zina, mwina nkhuku zawo, mwina kwaya ya kutchalitchi. Musawakakamize mokalipa. Muwauze kuti mukudziwa, ndipo kuti simunandikwiyire, ngakhale zitakhala kuti mwandikwiyira. Mawu anuwo ndi amene angawakweze ndege. Zondikalipira mundiimbire ndili kuntchito, ndidzamvetsera mpaka mumalize. Tikiti ya ulendo umenewo idzakhala ya Lachinayi, ndipo kwa abwana ndidzagwada ngakhale pakhomo pa ofesi anthu akuona.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwathokoze chifukwa cha miyezi yonse imene anawasamalira Amayi, ine n'kudzawononga tsiku limodzi. Ana muwauze kuti agogo awasungira kachikwama ka m'ndege, muli masokosi, kamswachi ndi kansalu kophimba m'maso. Akuti wamkulu atenge masokosi, wamng'ono kansaluko, asalimbirane.

Amayi andiona ndikulemba, ndawauza kuti ndi moni chabe. Akupereka moni wambiri. Akuti ndisaiwale kukuuzani kuti ndalama zanu sizinapite pachabe, anagona njira yonse ngati khanda. Ndalonjeza kuti ndilemba, ndiye ndalemba.

Ndine mlongo wanu,
Mzime wa Amayi