Ndinalowa Dzina la Mayi, Lero Ndili pa Belo

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 36, ndimakhala kufupi ndi Biriwiri. Ndimalima mbatata ya kachewere ndi kabichi n'kumagulitsa m'mbali mwa msewu. Ndikulemba kalatayi ndili pa belo, ndipo pa 19 mwezi wamawa ndikaonekera kukhoti ku Ntcheu. Akuti ndinkalandira ndalama za Mtukula Pakhomo mwachinyengo.

Nkhani yake ili motere. Mayi anga, a Dailes, ndi amene analembedwa kuti azilandira chifukwa anali okalamba komanso ankalera ana atatu a malemu mkulu wanga: Loyce, Eliza ndi Lucky. Miyendo itayamba kuwavuta, anandipatsa khadi ndi nambala yake ya chinsinsi kuti ndizikawatengera. Mu Febuluwale chaka chatha mayi anatisiya.

Kubanja kwathu dzina la munthu wamkulu silipita naye kumanda. Tsiku la m'meto, abale onse atakhala pansi, malume anga a Lazarus anandiveka duku la mayi n'kunena kuti, "Kuyambira lero dzina lako la paubwana latha. Iwe ndiwe Dailes. Nyumba ndi yako, dimba ndi lako, ana ndi ako." Anthu anawomba m'manja. Atabalalika ndinawafunsa chapansipansi, "Nanga khadi ija, malume?" Iwo anati, "Pakhadipo palembedwa ndani? Nanga Dailes si uyu ndikumuonayu?"

Ndiye ndinapitiriza kulandira, miyezi khumi ndi inayi. Ndinkakatengera ku Lizulu, osati kwa ejenti wa pafupi ndi kwathu, poti iyeyo anali nawo pamaliro. Aphungu, sindinagule wigi, sindinakhome malata. Ndalamayo inathera pa fizi ya Loyce, yunifolomu, sopo ndi chimanga cha mu Januwale.

Mwezi watha kunabwera a boma kudzaona ngati olandira onse alipodi. Mtsikana wina, tabuleti ili m'manja, anafunsa kuti, "A Dailes ndi ati?" Ndinati, "Ndine." Anayang'ana patabuleti, anandiyang'ana ine, n'kuti, "Mayi, munabadwa 1944? Tiuzeniko mafuta amene mumadzola." Anzake anaseka, inenso ndinaseka nawo, kenako ndinangozindikira misozi ili pachibwano. Patatha sabata anandiitana kupolisi, ndinagona komweko tsiku limodzi.

Pano a Lazarus akuti, "Ine ndinakupatsa dzina, khadi sindikuidziwa." Mlamu wanga Jasper akuti ndingowoloka msewu, ndikakhale kwa azakhali ku Mozambiki mpaka nkhani izizire. Apo ayi ndimupatse mbuzi ziwiri, akudziwa munthu amene angasowetse fayilo. Ena akuti ndikanene kuti mayi amwalira posachedwa pomwepa.

Bambo a kunyumba anapita ku Joni zaka zinayi zapitazo, nambala yawo inasiya kupezeka. Ndikamangidwa, ana atatuwa ndi wanga wa zaka zisanu atsala ndi ndani? Loyce wanena kale kuti asiya sukulu aziphikira anzake. Kodi n'kuba kudyetsa ana ndalama imene inabwera chifukwa cha ana omwewo? Ndithandizeni, mutu waima.

T.M., Biriwiri, Ntcheu

Mayi T.M.,

Pepani ndi maliro, pepaninso ndi simenti ya kupolisi. Kulera ana anayi ndi kachewere wa m'mbali mwa msewu si masewera, ndipo ine sindikukuikani m'gulu la aja amadya za amphawi n'kukagulira galimoto. Koma poti mwafunsa, ndikuyankhani mosapsatira.

Mwambo wolowa dzina ndi wabwino, umathandiza kuti ana asakhale amasiye kawiri. Vuto lake n'lakuti boma silinali nawo pa m'meto. M'kompyuta yawo muli Dailes mmodzi yekha, ndipo ameneyo anapuma. Inunso zimenezi mumazidziwa. Munthu wa mtima uli mbee salipira minibasi ya ku Lizulu ejenti ali kuseri kwa nyumba. Sindikukunyozani ayi. Woimira boma pamlandu adzakufunsani funso lomweli, ndiye kuli bwino likuwaweni lero munyuzi kusiyana n'kuti likakugwetseni pamaso pa majisitireti.

Sabata ino, osati pa 18, pitani mukafunse thandizo kwa a Legal Aid, aja amaimirira anthu osowa ndalama ya loya. Ngati simukudziwa kowapeza, funsani kukhoti komweko. Mukawauze zonse, ya ku Lizulu yomwe. Loya ali ngati adokotala: mukabisa pamene pakupweteka, akupatsani mankhwala a mutu chilonda chili kuphazi. Zovomera kapena kukana mlandu musagamule nokha, musagamulenso ndi a Jasper. Mukambirane ndi loyayo.

Pitani ndi zogwirika. Kalata yosonyeza tsiku lenileni limene mayi anamwalira, malisiti a fizi ngati alipo, kalata ya aphunzitsi aakulu yotsimikiza kuti anawa ali pasukulu ndipo amene amawayang'anira ndinu. Misozi imauma m'khoti, pepala limakhala mufayilo.

A Lazarus nawo asatseke chitseko. Pa m'meto anali ndi mawu ngati chimkuzamawu cha mpingo, lero akuti khadi sakuidziwa. Apempheni mwaulemu akafotokoze zimene zinachitika tsiku lija. Akakana, tengani amayi awiri amene analipo. Mwambo sufafaniza mlandu, koma ungathandize khoti kuona kuti munalowa bwanji m'dzenjeli, ndi kuti simunakhale pansi kukonza chiwembu.

Kenako kaonaneni ndi a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ku boma. Chimene chikundiwawa pankhani yanu n'chakuti mukanapita kumeneko sabata ya maliro n'kunena kuti agogo amwalira koma ana alipo, mwina akanaunika banjalo n'kulemba dzina lanu lenileni. Mwinatu munalowera pawindo chitseko chili chosakhoma. Kafunseni ngati anawo angaganiziridwebe, poti iwo sanalakwe kanthu. Ngati mungathe kubweza pang'onopang'ono, nenani kudzera kwa loya, ndipo kobiri lililonse lituluke ndi lisiti.

Tibwere kwa alamu anu. Mbuzi ziwirizo mukawapatsa, mudzamva fungo la kanyenya kumsika, fayilo ili pomwe inali. Ikasowadi, mwawonjezera mlandu wa ziphuphu, umene ndi waukulu kuposa umene uli pamutu panuwu. Za ku Mozambiki, inde kwanuko n'kungodikira lole idutse n'kuwoloka. Koma wothawa belo amasakidwa, amene anakusayinirani belo amalowa m'mavuto, ndipo sukulu ya anawo ili mbali ino ya msewu. Mudzakhala mukusuzumira dimba lanu ngati mlendo mpaka liti? Bodza la tsiku la imfa lokha musaliyese n'komwe. Maliro a munthu wa zaka makumi asanu ndi atatu amadziwika ndi mudzi wonse, buku la mpingo, ngakhale amene anakhoma bokosi.

Mukufuna ndikuuzeni kuti simumangidwa. Sindingatero, chigamulo n'cha khoti. Chimene ndinganene n'chakuti makhoti amamva dandaulo la munthu wolakwa koyamba, wonena zoona, wofuna kubweza, amene ana akumudalira. Pali zilango zina zosafika kundende, monga chindapusa, kugwira ntchito zothandiza m'dera, kapena kukhala kunja mopatsidwa malire. Loya wanu akazipemphe. Koma munthu wanzeru amafolera nyumba kumwamba kuli ngwee.

Choncho itanitsani abale lisanafike tsikulo, onse aja anawomba m'manja. Muwafunse pamaso pa ankhoswe kuti zikavuta, Eliza akagona kwa ndani, Lucky adya kwa ndani, wamng'onoyo amusambitsa ndani, dimba athirira ndani. Asakuyankheni kuti "tiona," aliyense atchule mwana wake. Anawo muwauze nokha zoona zake, asakamvere kumjigo. Loyce mumuuze kuti ntchito yake ndi kope ndi cholembera. Akasiya sukulu ndiye kuti miyezi khumi ndi inayi ija mwaivutikira pachabe, ndipo mtsikana wa msinkhu wake akayamba kusaka ufa yekha, ofuna kumuthandiza amachuluka, koma thandizo lawo mukulidziwa.

Chenjezo langa ndi ili: pakati pa lero ndi pa 19 kudzabwera kwa inu anthu ambiri a nzeru zachidule, ena ndi kachithumwa koika pansi pa lilime kuti majisitireti aiwale Chingerezi. Aliyense wokuuzani kuti musapite kukhoti, mufunseni ngati atenge ana anayiwo lero lomwe. Akayamba kukanda m'mutu, inu kachapeni chitenje, pa 19 mukwere minibasi yoyamba yopita kukhoti.

Aphungu