Musafufute Mauthenga a Malole Aja

Abambo a Sankhani,

Foni yanu sinawonongeke. Chonde musafufute uthenga ngakhale umodzi.

Lero Lachitatu, pa 14 Meyi, 7 koloko m'mawa, ndimayesa webusaiti ija ndikupangira maejenti oombola katundu pamalire, kuti ndione ngati ingapirire malole 2,000 atalembetsa nthawi imodzi. Malolewo ndi ongopeka. Lolemba ndinawauza a Vincent akuntchito, kawiri konse, kuti azimitse gawo lotumiza mauthenga. Sanazimitse. Nambala yoyesera inali yanu, n'chifukwa chake foni yakhala ikulira kumundako: lole iliyonse, uthenga wake. Ndakuimbirani kasanu, mwaithimitsa.

Webusaiti inaima 7:19, ndipo seva, kompyuta yaikulu yoiyendetsa, sinasunge chilichonse. Umboni wotsala ndi mauthengawo basi. Nthawi imene uliwonse unafika indisonyeza gawo lomwe linayamba kulemedwa. Mukafufuta, Lachisanu ndikasowa chowayankha maejenti, ntchito n'kupita kwa ena.

Ndathamangira ku ofesi. Mukangofika pakhomo, ikani foniyo pa chaja, mubwere nayo 12 koloko isanakwane.

Pepani ndithu. Komatu paja mumadandaula kuti sindikulemberani mauthenga. Lero muwerenge mpaka mutope.

Doris