Botolo la Anthu Khumi

Mandimba,
Seputembala 2021

Mlongo wanga Élio,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi mlamu Célia ndi ana kumeneko ku Cuamba. Kaya chifuwa cha wamng'ono uja chinatha? Ine ndilipo, sukulu atsegulanso ndipo tayamba kuphunzitsa. Mayi kumudzi nawonso alipo, kungoti miyendo ikutupabe ndipo shuga sakutsika. Foni yako ndaimba kangapo, ikumangolira. Ndiye ndati ndilembe, ndipatsire Ismael woyendetsa chapa, minibasi ija.

Nkhani ndi ya katemera wa korona. Ukudziwa mmene mayi amakhulupirira jakisoni. Iwe unali usanabadwe pamene chikuku chinalowa mu kampu ya othawa nkhondo ku Malawi kuja. Katemera anafika titaika kale m'manda Chisomo, mkulu wako. Kuyambira pamenepo mayi sadikira kuitanidwa kawiri.

Atamva kuti achikulire ayamba kubayidwa, anati ndiwanyamule. Kuchipatala tinapita kawiri, ndipo kawiri konse tinapeza katemera atatha. Ulendo wachiwiri njinga inawavulaza, anagona sabata yathunthu. Ndiye titamva kuti brigada, gulu la achipatala loyenda m'midzi, ibwera kwathu komwe, mayi anachapa bulauzi yawo ya kutchalitchi.

Namwino wake ndi bambo wina wofatsa, dzina lake Norberto. Anatifotokozera kuti m'botolo limodzi muli katemera wa anthu khumi. Likatsegulidwa, wotsala amatayidwa pakangopita maola ochepa. Choncho satsegula ngati anthu khumi sanakhale pamaso pake. Anati wamkulu aliyense amulandira, ngakhale wachinyamata, bola nambala ikwane.

Tsiku limenelo anabwera mayi okha. Anakhala pansi pa mtengo wa pasukulu kuyambira m'mawa mpaka masana, akuyang'ana bokosi lozizira lomwe linali pafupi moti akanatha kuligwira. Norberto anati adzadutsanso Lachisanu pochokera ku Itepela, tisake anthu.

Ine sindiwerengedwa, aphunzitsife anatibaya kale. Ndinayenda khomo ndi khomo kufotokoza zomwe ndikudziwa. Anthu anandiyalira mphasa, anandimvetsera mwaulemu. Kenako mayi wina anandifunsa kuti popeza ine ndinabayidwa, mwana wanga ali kuti. Ena anaseka m'zitenje. Ukudziwa kuti ndilibe mwana, ndipo kuno akuti katemerayu amalepheretsa kubereka. Mwina ndimalankhula ngati ndili m'kalasi, sindikudziwa. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anavomera.

Lachitatu kunabwera malume Gaspar. Dimba la kumtsinje ukulidziwa, koma mwina mbiri yake sunaimve bwino. Linali la agogo aakazi. Ife titathawa, malume anatsala, nalilima nthawi yonse ya nkhondo. Titabwerera mu 1993 akuluakulu a banja anati malo ndi a mwana wamkazi, analibwezera kwa mayi. Malume anangoti chabwino. Chabwino ameneyo anamusunga mumtima mpaka sabata imeneyi.

Anakhala pakhonde, anafunsa za miyendo ya mayi mwachifundo ndithu. Kenako anati amva kuti chemwali wawo akusowa anthu asanu ndi anayi, ndipo iwo anthu ali nawo: ana awo aamuna, akazi awo, ndi akamwini. Anati akawalamula, palibe angakane. Iwo eni ake zobayidwazo sakuzifuna, koma magazi ndi magazi, athandiza. Chomwe akupempha ndi dimba basi.

Ndinati tidikire kaye, timve maganizo ako. Mayi anandiyankha kuti anyezi a m'dimbamo sangawapumire mpweya ukadzayamba kubanika. M'mawa mwake anapita kumtsinje akutsimphina, anayenda m'malire ndi malume pamaso pa mboni, napereka.

Lachisanu malume anabweradi ndi anthu awo onse. Iwo anaima chapatali, atatsamira njinga ngati munthu wodzaonerera mpira. Norberto anawerenga mitu pamodzi ndi mayi, inakwana, anatsegula botolo.

Ndinawanong'oneza mayi kuti ayambe iwo. Anakana. Anati sangavule phewa pamaso pa akamwini a achimwene awo, amuna abayidwe kaye achoke. Anakakhala kumbuyo kwenikweni, pansi. Ndinaona kuti si bwino, koma sindinalimbikire. Ndimaganiza kuti zovuta zatha.

Amuna anabayidwa, akazi anabayidwa. Womaliza wa anthu a malume atanyamuka pampando, ndinayamba kudzutsa mayi. Ukudziwa kuti miyendo ija imatenga nthawi kuti aime. Ndili mkati mowagwira m'khwapa, ndinamva njinga ikugwa. Potembenuka, malume anali atakhala pampando, dzanja la malaya atapinda kale.

Ndinawauza kuti malowo ndi a mayi. Mawu anga anatuluka aang'ono, ngati a mwana wopempha kupita kunja. Iwo anayankha mokweza kuti aliyense amve:

"Katemerayu ndi wa dziko lino. Ine dziko lino sindinalithawe. Amene anathawa akabayitse komwe ankadya ufa wachikasu."

Norberto anaima ndi jakisoni m'manja. Anayang'ana ine, anayang'ana mayi. Anati onse ndi okalamba, onse ndi oyenera, ndipo iye alibe mphamvu yokoka munthu pampando, tigwirizane tokha. Ndikanakhala wina ndikanakuwa. Koma mayi anandifinya dzanja, nati: "Abayeni. Ndi achimwene anga." Anandiuza pambuyo pake kuti ankakhulupirira kuti m'botolo simungalephere kutsala kadontho ka munthu mmodzi.

Kadontho kanatsaladi. Norberto anakweza botolo kudzuwa, anakoka, anayang'ana, napukusa mutu. Anati sikakukwana, ndipo kubaya theka ndi kunamiza munthu. M'bokosi munali botolo lina. Élio, ndinagwada. Ine amene sindinagwadirepo munthu pantchito, ndinagwada pafumbi. Anandiyankha mwakachetechete kuti limenelo ndi la mudzi wa kutsogolo, komwe anthu khumi akudikira, ndipo akalitsegulira mayi ndiye kuti wawalanda onsewo. Njira yonse ndinafunafuna pomwe walakwa kuti ndimude. Sindinapeze.

Pochoka, malume anaima pamene panali mayi, atasindikiza thonje paphewa. Anawauza kuti asaope, sizipweteka ngakhale pang'ono.

Kutacha ndinapita kudimba kukanena kuti pangano lasweka. Ndinapeza ana awo akuzula anyezi amene mayi anabzala. Malume anati iwo analonjeza anthu asanu ndi anayi, ndiwerenge ngati anaperewera. Za iwo eni, anati munthu amasintha maganizo, ndipo si ineyo ndimayenda m'makomo kuchonderera anthu kuti abayitse? Kenako anatapa anyezi odzadza manja awiri kuti ndikapatse chemwali wawo. Ndinalandira. Mpaka lero sindikumvetsa chifukwa chake ndinatambasula manja.

Matenda nawo afika. Sabata yatha taika bambo Samsoni, akatekisi aja. Anangodwala masiku ochepa. Lamulungu lomaliza lomwe anapemphera, mayi anakhala nawo pafupi. Tsopano mayi akangotsokomola ndimasiya chilichonse, ndimamvetsera.

Brigada ibweranso Lachisanu loyamba la Okutobala kudzabaya kachiwiri anthu a malume. Iwowo ndi khumi, botolo lawo ndi lokwana kale. Mayi akufunika botolo lina ndi anthu ena. Malume atumiza kale uthenga kuti ali ndi anzawo a kumsika amene angawamvere. Ulendo uno akufuna malo a kuseri kwa nyumba, pomwe pali mango amene malemu bambo anabzala titangobwerera. Mayi sanakane. Dzulo ndinawapeza ataima pakati pa mitengo ija akuiyang'ana.

Ndayambiranso kuyenda m'makomo. Imfa ya bambo Samsoni yafewetsa ena. Mayi Anastaziya oyandikana nafe avomera, pamodzi ndi ana awo awiri ndi mkamwini. Kwatsala malo a anthu asanu, ndipo m'mudzi muno ndafika pothera.

Iwe sunabayidwe, mlamu sanabayidwe, ndipo anzako onyamula katundu pasiteshoni nthawi yawo sinakwane m'tauni. Kuno awabaya. Bwera nawo. Ndikudziwa kuti ndi kutali, ndikudziwa kuti tsiku la ntchito lidzatayika, ndipo ndikudziwa kuti umanditenga ngati munthu wokulitsa nkhani. Mwina ndimaterodi. Koma ndikudziwanso kuti ndikadzakuimbira foni ya uthenga winawo udzayankha, ndipo udzafika ndi chapa yodzadza, anzako akuimba nyimbo, ena ataima pakhomo. Pamaliro anthu khumi sasowa. Ine ndikupempha asanu okha, mayi akadali ndi phewa loti abayidwe.

Mulungu akusunge ndi banja lako. Upereke moni kwa mlamu Célia, ndipo ana uwauze kuti azakhali awo amawakumbukira. Mayi sakudziwa kuti ndalemba. Yankho umupatsire Ismael yemweyo.

Ndine mlongo wako,
Florinda